Tsiku limene nyanja inatitsekera njira ku Beira

Ndinabadwira ku Nkhotakota, m'mudzi umene khomo la nyumba iliyonse limayang'ana kunyanja. Bambo anga anali msodzi wa usipa, ndipo ine ndinagwira nkhafi ndisanagwire pensulo. Mwera ndimaumva m'thupi usanafike, mpoto ndimauona pa kakwinya ka madzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zomwe zinandigonthetsa makutu tsiku lina ku Beira, pamene ndinatsala pang'ono kumiza mwana wa achemwali anga.

Achemwali angawo anakwatiwa ndi Mmalawi mnzathu amene amalongosola mapepala a katundu wodutsa padoko la Beira. Ndinapita kukawaona, kudzera ku Mwanza, Zobue, Tete mpaka kukadutsa pa Inchope. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 11, anakulira komweko. Chichewa chake ndi cha m'nyumba, akatuluka panja ndi Chisena ndi Chipwitikizi. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamupempha kuti akandionetse nyanja yamchere, imene ndinali ndisanaione chibadwire.

Tinafika ku Macuti, pafupi ndi nsanja ya nyali yowongolera sitima, cha m'ma 10 koloko. Nyanja inali kutali. Pamaso pathu panayala mchenga wonyowa, wokhala ndi timizere ngati munda wa ana, ndipo madzi ankangonyezimira kumapeto kwake. Amayi angapo anali atawerama ndi mabeseni, akukumba nkhono. Ndinaganiza kuti ndamvetsa zimene ndikuonazo. Kwathu nyanja imadzaza mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imabwerera pang'onopang'ono mpaka dzinja lina, n'kusiya gombe lotakata poyanikapo makoka. Ndiye mumtima ndinati madziwa anaphwa ndi chilimwe, adzabwera ndi mvula. Usiku wapitawo mwezi unali wathunthu. Ndinauona ndithu, koma unangondikumbutsa bambo anga akudandaula kuti mwezi ukawala chonchi usipa subwera ku nyali. Moyo wanga wonse mwezi ndinkaudziwa ngati kuwala basi. Zoti umakoka madzi ndinazimvapo kusukulu, n'kuzisiya m'kope.

"Tiye tikaione pafupi," ndinatero.

Tinavula nsapato n'kuyamba kuyenda. Patsogolo tinaoloka kakhwawa ka madzi olekeza m'kakolo, ndipo mwana uja anaima kaye, n'kucheukira kumtunda. Ndinamukoka dzanja. Kutsidya kwake kunali mtunda wautali wa mchenga wouma bwino, ndipo tinautsata mpaka pomwe mafunde ankaswekera. Ndinatunga madzi m'manja n'kulawa. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, ndikuyang'ana madzi opanda tsidya, pakuti kwathu tsiku lowala bwino umaona mapiri a ku Mozambique kutsidya kwa nyanja. Dzuwa linafika paliwombo n'kupendeka, ine osalabadira.

Amayi a nkhono aja anayamba kusenza mabeseni. Mmodzi wachikulire anatikuwira, akuloza madzi kenako kumtunda. M'mawu ake ndinatolamo liwu limodzi lachilendo, maré.

"Amalume, akuti tiwatsatire. Madzi ayamba kubwerera."

"Mphwanga, ine ndinakulira m'madzi," ndinamuyankha. "Mphepo kulibe, mitambo kulibe. Madziwo abwera ndi chiyani?"

Anakhala chete, monga amachitira mwana woleredwa bwino akatsutsidwa ndi wamkulu. Kulakwa kwanga kwagona pamenepa. Anthu awiri odziwa malowo anandiuza zoona, wina gogo wina mwana, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito ukulu wanga kutseka pakamwa pa amene moyo wake unali m'manja mwanga.

Yankho la funso langa lija ndinalipeza pambuyo pake, ndipo silifuna mphepo. Mwezi umakoka dziko lonse, koma mbali imene yayang'anizana nawo umaikoka kwambiri kuposa mbali ya kuseri. Kusiyana kumeneku kumachititsa kuti madzi a m'nyanja zikuluzikulu atukumuke mbali ziwiri, ya ku mwezi ndi ya kuseri kwake. Dziko likamazungulira, gombe limadutsa m'malo onse awiriwo, n'chifukwa chake ku Beira nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamatha maola 12 ndi mphindi 25, motero tsiku lililonse madzi amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Dzuwa nalo limakoka, ngakhale mphamvu yake pa madzi siifika theka la ya mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, ziwirizi zimakokera mzere umodzi, ndipo madzi amaphwa kwambiri n'kudzazanso kwambiri. Kumeneko amati maré viva. Mchenga wotakata umene unandikopa uja unali chizindikiro choti madzi obwerawo akhala ochuluka koposa.

Ndipo Beira si gombe wamba. Pa masiku oterewa madzi kumeneko amatha kukwera mamita opitirira 6. Chifukwa chake chili pansi pa nyanja. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali malo akuya mamita opitirira 3,000, koma kufupi ndi Beira pansi pake ndi chigwa chotakata chosaya, chotchedwa Sofala Bank. Madzi ochokera kwakuya akakwera pa chigwacho amasowa kolowera, amaunjikana, kenako amapanikizidwa polowa m'kamwa mwa mtsinje wa Pungwe. Nyanja yathu ya Malawi ndi yakuya, mamita pafupifupi 700 cha kumpoto, koma ndi yotsekeredwa m'mapiri ndipo ndi yaing'ono pa nkhani imeneyi. Mwezi umaigwedeza pang'ono zedi moti bambo anga anakalamba osazindikira.

Chimene chinandinyenga kwambiri n'chakuti madzi sakwera mofanana. Ola loyamba amabwera ngati akuchita manyazi, moti ukhoza kulumbira kuti aima. Ola lachitatu ndi lachinayi ndi pamene pamalowa theka la madzi onse. Pa mamita 6 ndiye kuti mamita atatu m'maola awiri, pa mchenga wosalala ngati bwalo la mpira. Ine ndinkayang'ana mafunde a kutsogolo, ndikusuntha pang'ono akandinyambita mapazi. Sindinaganize zocheuka.

Amene anacheuka ndi mwana. "Amalume, taonani!"

Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje wotakata, wa madzi a mtundu wa dothi, wothamanga chammbali. Nyanja inali itazungulira kumbuyo kwathu kudzera m'malo otsika, ife tatsala pa chilumba. Amayi aja ankaoneka ngati timadontho kumtunda.

Ndinamunyamula pamapewa n'kulowamo. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, kenako pachifuwa. Kusambira ndimatha, ndipo ndaolokapo malo otalika kuposa amenewo, koma madziwa sanali ongokhala. Ankandikankhira kumbali, cha kudoko, ndi mphamvu ngati ya Bua atasefukira. Matope a Pungwe anabisa pansi, osaona poponda. Mwendo wanga wamanja unatitimira m'thope lofewa, china chake chakuthwa chinandicheka kuphazi, ndipo nthawi yomweyo funde linandimenya kumaso. Ndinameza madzi, ndinadzandira, mwana anaterereka. Ndinamugwira malaya ali kale m'madzi mpaka m'khosi. Maso ake nthawi imeneyo ndimawaonabe. Sanalire. Anangondiyang'ana, kudikira kuti wamkulu achitepo kanthu.

Ndinazula mwendo n'kubwerera naye pa mchenga uja, umene tsopano unali utachepa ngati bwalo la nyumba. Foni inali itazima m'thumba, nsapato zitapita. Ndinakuwa m'Chichewa, mawu anga akumezedwa ndi phokoso la madzi. Mwana anavula malaya ake n'kumawazunguza m'mwamba, akukuwa m'Chisena. Madzi atatifika m'mawondo pa malo okwera kwambiri a mchengawo, tinaona bwato la asodzi awiri likutikhotera. Iwo ankabwerera kumtunda pa ola limenelo mwadala, kuti madzi odzaza awakankhe m'malo mowalimbana nawo. Mphamvu yomweyo imene inkatimiza ndiyo inawabweretsa. Anakweza mwana kaye, kenako ine. Wamkulu wa awiriwo anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, n'kupatsa mwanayo chigubu cha madzi akumwa.

Kumtunda ndinasanza. Kukhosi kunkawotcha, bala la kuphazi linkaluma ngati athiramo tsabola, ndipo ndinali ndi ludzu limene sindinalimvepo nditatuluka m'madzi. Kwathu munthu akameza madzi a m'nyanja amangotsokomola n'kupitiriza ulendo. M'nyanja yamchere lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, ngati masupuni aakulu awiri, ngakhale pafupi ndi mtsinje umasungunukako. Impso za munthu sizingatulutse mchere wochuluka chotero popanda kuwononga madzi ambiri kuposa amene wamwa, choncho ukamwa ludzu limakula. Mcherewo wambiri unachokera kumtunda. Mitsinje imakokolola timchere ta m'miyala kwa zaka zosawerengeka n'kukatula m'nyanja, dzuwa limaumitsa madzi okha, mchere n'kutsala. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo lotulukira, Shire, amene amatenga madzi ake kukathira mu Zambezi mpaka ku Indian Ocean. Nyanja ya Chilwa ilibe khomo, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Zimenezi ndinkazidziwa zidutswazidutswa, koma ndinazilumikiza ndili chigonere pa mchenga wa Macuti, lilime litauma gwa.

Titafika kunyumba mwana sananene kanthu. Ndinafotokoza ndine, zonse, ngakhale mawu amene ndinamuyankha aja. Achemwali anga anamukumbatira, akumupapasa mutu ndi manja ngati akuwerenga ziwalo, ndipo tsiku lonselo sanandiyankhule. Anali ndi chifukwa.

Madzulo alamu anga anatulutsa kabuku kamene amagwiritsa ntchito kudoko. Anandiuza kuti sitima zikuluzikulu zimadikira kunja mpaka madzi atadzaza, chifukwa ngalande yolowera ku Beira imakwiririka ndi mchenga ndi matope moti amachita kuikumba kawirikawiri. M'kabukumo munali masiku onse a chaka, lililonse ndi ola lake la kuphwa ndi la kudzaza, ndi mamita ake. Anatsegula pa tsiku limenelo n'kuloza ndi chala. Palibe chinandipweteka ngati chimenecho. Ndikanakonda kunena kuti inali ngozi yogwa mwadzidzidzi, ngati mwera wodzidzimutsa asodzi pakati pa nyanja. Koma madzi amene anatsala pang'ono kutenga mwana uja anali atalembedwa miyezi yambiri m'mbuyomo, ola lake ndi mphindi zake, m'kabuku kamene kanali pa tebulo la m'nyumba imene ndinagonamo.

Mawa lake ndinabwerera ku Macuti ndekha, ndikutsimphina, kabuku kali m'manja. Ndinakhala pansi pa nsanja ija kuyambira m'mawa. Mchenga wathu uja unatuluka pa nthawi yolembedwa, mochedwerako kusiyana ndi dzulo lake. Amayi a nkhono anapita, anakumba, anabwerako madzi asanaonetse chilichonse chimene diso langa likanatola. Kenako ndinaonerera kakhwawa kaja kakufufuma, kakudula njira, mpaka malo amene tinaima aja anasowa pansi pa madzi akuya kuposa msinkhu wa munthu. Gogo uja anandidutsa ndi beseni lake. Ndinaimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu. Anagwedeza mutu n'kupitirira.

Usiku womaliza ndinamupeza mwanayo pakhonde. "Mphwanga, unandiuza zoona ndipo sindinakumvere. Undikhululukire."

Anachita manyazi, pakuti si kawirikawiri malume kupepesa kwa mwana. Anakanda pansi ndi chala chakuphazi, kenako anati, "Amalume, mawa madzi aphwa cha masana. Tikhoza kupitanso, tikangobwerako limodzi ndi amayi aja."

Achemwali anga, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anakana. Sindinawatsutse.