Mwambo wa Anthu Ogona Mosinthana ku Kew Gardens

M'dera la Queens mumzinda wa New York muli malo otchedwa Kew Gardens, amene ali pakati pa mabwalo awiri a ndege, la John F. Kennedy kummwera ndi la LaGuardia kumpoto, ndipo kumeneko kumapezeka mtundu wa anthu umene akatswiri a chikhalidwe cha m'tauni sanaufufuze mokwanira. Anthuwa amatuluka m'bandakucha atavala malaya osita bwino ndi nsapato zonyezimira, akukoka zikwama zamatayala, kuchokera m'nyumba zimene aliyense wa iwo amakanitsitsa kuti si kwawo. Ena ndi oyendetsa ndege, ena ndi osamalira anthu m'ndege, ndipo akafunsidwa kumene amakhala amatchula Florida, Texas kapena Ohio, ngakhale kuti mswachi wawo, thaulo ndi poto zili ku Queens.

Gwero la mtunduwu ndi dongosolo la makampani a ndege a ku America. Kampani iliyonse ili ndi mizinda ingapo yotchedwa base, kutanthauza malo amene ulendo wa ntchito umayambira ndi kuthera, ndipo wantchito aliyense ali ndi nambala yosonyeza kuti analembedwa liti, imene imalamulira chilichonse m'moyo wake, kuyambira masiku a tchuthi mpaka mzinda umene adzagwirireko ntchito. Amkhalakale amayamba kusankha, ndipo popeza ukalamba umabwera ndi nzeru, ambiri amasankha mizinda imene lendi yake ndi yachifundo. Zotsala, monga New York, Boston ndi San Francisco, zimagwera obwera kumene, kotero kuti wolandira malipiro ochepa kuposa onse ndiye amatumizidwa kumene chipinda chimodzi chimadya madola masauzande pamwezi. Kampani simuuza munthu kokhala, ndipo imaunena ufulu umenewu monyadira. Chimene imafuna n'chakuti pa ola loikidwa akhale wafika, tsitsi lili lopesa.

Motero munthu amakwera ndege kupita kukagwira ntchito ya m'ndege. Salipira tikiti, koma sapatsidwanso mpando wotsimikizika, chifukwa amakwera pokhapokha olipira onse atakhala pansi n'kutsala malo. Pachipata cholowera m'ndege amadziwika ndi kaimidwe kake: amaima chapambali, akumwetulira wogwira ntchito pachipatapo mwaulemu wopitirira muyezo, maso ali pa chikwangwani cha mayina, milomo ikuwerenga chamumtima anthu amene sanafikebe. N'zokayikitsa ngati pali munthu wina padziko amene amafunira mnzake kuchedwa panjira ndi mtima wonse ngati mmene amachitira iyeyu, ndipo banja la anthu asanu likatulukira likuthamanga mphindi yotsiriza, amalipatsa njira mwaulemu, nkhope ili ngati ya munthu amene minibasi yamusiya pasiteji kondakitala atamulonjeza kuti malo alipo.

Mipando ikatha pamatsala jumpseat, kampando kopinda kamene kali m'chipinda cha oyendetsa ndege kapena pafupi ndi khomo, ndipo kamenekonso kali ndi mwambo wake. Woyendetsa ndege wofuna kukhalapo amapita kwa kaputeni, n'kudzitchula dzina, n'kuonetsa zikalata zake, n'kupempha, popeza mpandowo ndi wa kaputeni kuupereka kapena kuumana, ndipo amene amangonena kuti wabwera kudzakhalapo mbiri yake imafika ku Chicago iye asanatere. Anthu olongosoka amanyamulanso kaphukusi ka chokoleti kopatsa anzawo ogwira ntchito paulendowo. Mphatsoyi siitchedwa chiphuphu, ngakhale kuti zotsatira zake, monga botolo la madzi ndi mpando wotakasuka ukapezeka, n'zodziwika kwa onse.

Akafika ku New York usiku woti mawa ayamba ntchito, amalowera ku crash pad, nyumba wamba yodzazidwa mabedi osanjikizana, mmene anthu khumi, makumi awiri kapena kuposerapo amalipira madola mazana ochepa pamwezi aliyense. Mwini bizinesiyo kawirikawiri ndi mnzawo wa m'ndege yemweyo amene anazindikira msanga kuti chuma chili pansi. Mabedi ali a mitundu iwiri. Lozizira ndi la munthu mmodzi, limene limamudikira ngakhale atachoka sabata yonse, ndipo mwini wake amayenda m'nyumbamo ndi ulemerero wa munthu wa malo. Lotentha ndi la aliyense amene wafika poyamba, lotchedwa motero chifukwa wogonapo angathe kupeza kafungo ndi kutentha kwa amene wangodzukapo, ndipo mwini wake, ngati angatchedwe mwini, amayala nsalu zake usiku n'kuziyalula m'mawa, n'kuzisunga m'bokosi lolembedwa dzina.

Malamulo a m'nyumbamo ndi ambiri kuposa a m'ndege, ndipo amamatidwa pafiriji, pakhomo la bafa ndi pamwamba pa sinki, m'kalembedwe kaulemu kamene kamasonyeza kuti wolembayo anali atapsa mtima. Nyale ya kuchipinda siyatsidwa nthawi iliyonse, popeza nthawi zonse pali wina amene kwa iye ndi pakati pa usiku. Wobwera mochedwa amafufuza bedi lopanda munthu ndi kuwala kwa foni, ndipo akalakwitsa amapepesa monong'ona kwa phazi limene wagwira. Alamu ikalira kawiri ndi mlandu. Zipi ya chikwama imatsegulidwira pabalaza. Bafa ili ndi ndandanda yake, ndipo kaputeni amene masana amamveredwa ndi anthu mazana awiri amaima pamzere ndi thaulo paphewa kumbuyo kwa mtsikana amene wayamba ntchito mwezi watha, chifukwa nambala ya ukulu imathera pakhomo. Nkhani yaikulu kwambiri ndi ya firiji, mmene chakudya chilichonse chimalembedwa dzina ndi tsiku, ndipo mkaka wa munthu amene anasamukira ku Denver chaka chatha umakhalabe pamalo pake, wolemekezeka, popeza palibe amene ali ndi udindo woutaya.

Okhalitsa m'nyumbamo ndi a reserve, ndiwo antchito osungidwa kuti alowe m'malo mwa odwala ndi ochedwa, amene ayenera kufika pabwalo la ndege pasanathe maola awiri kapena atatu foni ikalira. Ku New York zimenezi n'zovuta kawiri, chifukwa makampani ena amawerenga Kennedy, LaGuardia ndi Newark ngati malo amodzi, ngakhale kuti Newark ili m'chigawo china, New Jersey, kutsidya kwa mitsinje iwiri. Anthuwa amatha masiku atakhala pasofa, foni pachifuwa, osatha kupita kutali kuposa sitolo ya pakona, akukambirana nkhani imodzi yokha, ya mgwirizano wa malipiro, imene aliyense amaidziwa ndime ndi ndime. Pamenepo pamakumbutsidwa kuti malipiro a osamalira anthu m'ndege mwamwambo amayamba kuwerengedwa chitseko chikatsekedwa, ndi kuti kampani ya Delta itayamba mu 2022 kulipira theka pa nthawi yokweza anthu, zinamveka ngati chozizwitsa kuti kunyamulira anthu zikwama ndi ntchito.

Lamulo nalo lili ndi nthabwala yake, popeza limapatsa oyendetsa ndege maola 10 opuma asanayambe ntchito, koma silifunsa kumene apumirako, kotero kuti usiku wothera pampando wapakati kuchokera ku Seattle umawerengedwa ngati mpumulo. Pano kuseka kumayamba kwaima, chifukwa ndege ya Colgan Air imene inagwa pafupi ndi Buffalo pa 12 February 2009, n'kupha anthu 50, inali ndi woyendetsa wachiwiri amene anachezera usiku wathunthu paulendo kuchokera ku Seattle kudzayamba ntchito ku Newark. Aphungu anayankha mu 2010 ndi lamulo limene linakweza maola ofunika kwa woyendetsa wachiwiri kuchoka pa 250 kufika pa 1,500, koma za lendi ndi za ulendo wopita kuntchito anazisiya mmene zinalili. Maphunziro anatalika ndi kukwera mtengo, okwanitsa zaka 65 anapitiriza kupuma monga mwa lamulo, ndipo mu 2020 makampani ananyengerera anthu masauzande kuti apume msanga chifukwa cha mliri wa Covid-19, kenaka mu 2022 anadabwa poyera kuti antchito akusowa.

Kusowa kumeneku kuli ndi khalidwe lodzidyetsa lokha. Antchito akachepa maulendo amachepetsedwa, maulendo akachepa ndege zimadzaza, ndipo ndege zikadzaza wantchito wa ku Tampa sapeza mpando wopitira ku New York kukayendetsa ndege imene ikumudikira. Makampani ena amamukhululukira akasonyeza kuti anayesa maulendo awiri amene akanamufikitsa nthawi yabwino, choncho amanyamuka dzulo lake, n'kupereka tsiku lake lopuma ngati chopereka chaufulu. Zikakanikabe, foni imalira ku Kew Gardens, wa reserve amadzambatuka pasofa n'kuyamba kusita malaya, ndipo pachipata ku LaGuardia amalengeza kuti ulendo wachedwa chifukwa akudikira ogwira ntchito m'ndege. Okwera amadandaula mokweza za ulesi wa anthu a masiku ano, ndipo ena amatembenukira kwa munthu wa yunifolomu amene waima chapambali n'kumufunsa chifukwa chake sakukwera kuti aziyendetsa. Iye amayankha mwaulemu kuti ndi wa kampani ina, kuti wangoweruka kumene, ndi kuti pamndandanda wa odikira mpando wopita kwawo ali pa nambala 14.