Ulemu Upite kwa Amalume Oweruza Gule Pasofa ya Eni

Woimba ndiponso muulutsi Alick Nkhata anapatsidwa msewu, uja umadutsa pa likulu la ZNBC n'kulambalala Kalingalinga kulowera cha ku Mtendere. Zinamuyenera. Koma alipo munthu wina wofunika zedi pa nkhani za kanema amene mpaka lero sanayamikidwepo ngakhale ndi botolo la maheu. Ndikunena uja amakhala pasofa ya eni, limoti ya eni ili m'manja, n'kumanyoza anthu otchuka amene asankhidwa kukavina pa mpikisano. Komboni iliyonse ili naye wake. Ku George angakhale mayi wogulitsa makala, ku Matero mnyamata wometa tsitsi, koma ine ndimutcha amalume, chifukwa ndiye m'bale amene sungamuthamangitse panyumba ngakhale atalankhula motani.

Luso lawo loyamba ndi changu. Oweruza a pa kanema amadikira nyimbo iyambe, amayang'ana mapazi, mapewa ndi khosi, kenako n'kukweza kachikwangwani ka malikisi. Amalume sachedwa ndi zimenezo. Maina akangolengezedwa, chithunzi chokha n'chokwanira. "Uyu? Wowerenga nkhani uyu? Adzavina chiyani ndi chimimba chimenechi?" Mlandu watha, mpikisano usanayambe n'komwe.

Mipikisano imeneyi inayamba mu 2004 pamene BBC inatulutsa Strictly Come Dancing. Nzeru yake n'njapafupi: tenga munthu wodziwika pa zina, kaya wampira, wandale kapena wazisudzo, umupatse katswiri wovina kuti amuphunzitse, ndipo oonera azivota sabata iliyonse. America inatengera mu 2005 pa dzina loti Dancing with the Stars, South Africa mu 2006 pa SABC2. Masiku amenewo madikoda aulere ankagwira SABC, ndipo amalume anaphunzira kutchula tango ndi cha-cha ali pampando wapulasitiki. Mu 2013 eni ake anatseka siginolo. Pamene M-Net inaonetsa mpikisano wake mu 2018, inali tchanelo ya kumayadi, kwa apamwamba olipira mwezi ndi mwezi osadandaula. Munthu wamba akanagwa mphwayi. Amalume anangogula kabandulo ka tsiku limodzi, n'kuyamba kuweruza magule athunthu poonera tizidutswa ta theka la mphindi pa Facebook, pafoni yosweka galasi.

Chimene ndimawasilira kwambiri ndi kusagonja. Mu 2007 mpikisano wa ku South Africa anapambana ndi HHP, woimba wa ku Mahikeng, munthu wathupi lake ndithu. Mu 2020 ku Britain anapambana ndi Bill Bailey, wanthabwala wa zaka 55, akuvina ndi Oti Mabuse wa ku Pretoria, amene anali atapambananso chaka chapitacho. Anthu ngati amenewa amalume amawachotsa tsiku loyamba. Akapambana, amalume sachita manyazi ayi. Amatsamira, n'kupukusa mutu, n'kunena mawu awiri amene amatseka nkhani iliyonse pansi pa thambo: "Anagula basi."

Musaganize kuti ndi a ku Kanyama okha. Ali ndi abale awo kutsidya kwa nyanja, ndipo kumeneko amagwedeza mizinda. Mu 2008 pa mpikisano wa BBC mtolankhani wa zandale John Sergeant ankavina mokoka miyendo, oweruza n'kumamupatsa malikisi otsika, koma theka la oonera linkamuvotera mwadala pamene theka linalo linkalusa. Mapeto ake mkuluyo anachoka yekha poopa kuti angapambane. Mu 2019 a ku America anaitana Sean Spicer, amene anali mneneri wa Donald Trump, ndipo ngakhale woyendetsa pulogalamuyo, Tom Bergeron, anadandaula poyera. Spicer analowa m'bwalo atavala malaya obiriwira a manyololo, n'kukhalamo masabata angapo. Mu 2024 anaitana Anna Sorokin, amene khothi la ku New York linamupeza wolakwa pa milandu yachinyengo, ndipo anavina ali ndi kachipangizo komulondera nako pamwendo, atakakongoletsa ndi zonyezimira.

Kodi okonza mapulogalamuwa ndi opusa? Kutalitali. Wotchuka wosadziwa kuvina ndi nyambo, ndipo nsomba yake ndi amalume. Akanasankha akatswiri okhaokha tikanaonera, n'kuwomba m'manja, n'kukagona. Koma akaikamo mmodzi wokwiyitsa, amalume amanyamula nkhaniyo m'mawa kupita nayo pampope, m'minibasi ya ku City Market, pakantemba, mpaka amene sankadziwa kuti kuli mpikisano ayamba kufunsa nthawi yake. Kampani iliyonse imalipira otsatsa malonda. Amalume okha ndiwo amalipira m'thumba mwawo, tokotaimu ndi mabandulo, kuti atsatse chinthu chimene akuti amadana nacho. Wantchito wokhulupirika chonchi mudzamupeza kuti?

Maphunziro awo anachitira konkuno. Mu 2003 Cherise Makubale wa ku Kitwe atapambana Big Brother Africa yoyamba, n'kutenga madola 100,000, amalume amene ankati mtsikanayo wangopita kukasesa ndi kuphikira anzake anapezeka patsogolo pa osangalala. Chaka chomwecho aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Malawi anavota kuti kanema wa boma asiye kuonetsa pulogalamuyo, khothi n'kubweza chigamulocho. Uwo ndiwo udindo wapamwamba kwambiri umene mtundu wa amalume unafikapo. Mu 2011 Muvi TV inaika amayi oyendayenda mu Ready for Marriage, ndipo amalume anakwiya mokhulupirika, osaphonya gawo ngakhale limodzi. Mu 2012 Mampi analowa mu Big Brother StarGame monga mmodzi wa otchuka, mu 2014 Macky 2 anafika mpaka tsiku lomaliza la Big Brother ya chaka chimenecho. Pa aliyense wa awa funso linali lomwelo: Zambia yonseyi, anthu anatha?

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo, chifukwa pali mfundo imodzi imene amanena zoona. "Pitani ku Chawama," amatero, "mukaone ana ovina." Ndi zoona. Imani pabwalo lililonse masabata a ukwati asanakwane, muone metroni akuphunzitsa aperekezi sitepe, sipika itakhazikidwa pandowa yovundikira, fumbi likukwera mpaka m'maondo, mtsikana wa kumapeto kwa mzere akuseweretsa chiuno ngati alibe mafupa. Onani ovina a Amayenge. Pitani ku Mkaika mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba mukaone gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, kumene palibe amafunsa dzina la wovina ndipo fumbi lokha ndilo limanena. Amalume amadziwa zonsezi, ndipo amalumbira kuti akanakhala mwini kanema akanatenga ana a m'komboni okhaokha.

Tsono tsiku lina kanema amaonetsadi ana a m'komboni, osadziwika, ovina moti thukuta kamukamu. Amalume amayang'ana kamphindi. "Ndani awa? Iwe, sintha, tione kwina."

Loweruka madzulo amafika nsima ili pafupi kuphulidwa, ati adzangobwereka machesi. Ana a panyumba amadziwa kale, amatsika okha pasofa n'kukhala pansi. Mayi wa panyumba amawonjezera mbale osafunsa. Amalume amasamba m'manja, limoti ataipana m'khwapa kuti wina asaitole. Nyimbo ikayamba mbamu imaima m'malere. "Taonani phazi! Amake mwana, mwaliona phazi limenelo? Akuponda ngati ali m'matope a ku Kanyama mu Januwale." Wina akati, "Koma amalume, ayesetsa," amatembenuka thupi lonse. "Kuyesetsa? Ndiye tivotere kuyesetsa? Pagule fumbi ndiwe mwini, mphwanga." Oweruza akapereka malikisi apamwamba, ndiye kuti adya ndalama. Akapereka otsika, ndi nsanje. Pochoka amaima pakhomo n'kulengeza kuti zachibwanazi sadzaoneranso. Machesi aja amawaiwala patebulo, kuti sabata yamawa pakhale chifukwa.

Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lonse, ndipo makanema ambiri m'makomboni anasanduka poika nsalu yoluka ndi maluwa apulasitiki. Ometa tsitsi analira, owotcherera zitseko ku Kalingalinga anayamba kugwira ntchito pakati pa usiku magetsi akabwera. Amalume okha ntchito yawo sinaime. Ankabwerabe nthawi yomweyo, n'kukhala pamalo pomwepo, mumdima, kandulo ili pambale, n'kumafotokoza zolakwa za anthu amene sanawaone akuvina. Ndipo kunena zoona, sanalakwitse kuposa masiku a magetsi.

Kamodzi pachaka mwayi umawapeza. Pa ukwati wa mdzukulu, woyendetsa mwambo amaitana akuchimuna kuti alowe m'bwalo, kalindula ikulira, anthu atapanga bwalo lalikulu. Onse amene anawamva chaka chonse akuphunzitsa dziko kuvina amatembenuka kuwayang'ana. Mkwatibwi mwiniwake amabwera, n'kugwada, n'kuwagwira dzanja.

"Amalume, tiyeni, lero ndi lanu."

"Bondo, mwana wanga, bondo. Adokotala anandiletsa." Amasisita bondolo, lomwe dzulo linakwera minibasi ikuyenda, kenako n'kuloza ndi chibwano kumzere wa aperekezi. "Koma ukamuuze uyo wachiwiri kumanzere. Akuchedwa kutembenuka. Anamusankha ndani ameneyu?"