Kinnah Phiri ndi mbale wathu tonse

Magetsi akathima pamalo ometera ku Ndirande palibe amene amachoka. Amene ali pampando, mutu wake uli ngati munda wolimidwa theka, ndiye sangatuluke nawo kumsewu. Amene ali pamzere safuna kutaya malo. Ena aja sanabwerere kumeta n'komwe, dazi linawamaliza nthawi ya Bakili, amangobwera kudzakhala pabenchi. Zikatero ntchito imatsala imodzi: mpira wapakamwa.

Loweruka lina mnyamata wovala jezi ya Arsenal anapalamula. Madala ena atatchula dzina la Kinnah Phiri, iye anafunsa mosaopa kuti, "Ameneyo amasewera timu yanji?"

Wometa anaika makina pansi ngakhale anali atazima kale.

"Iwe mwana, kusukulu amakuphunzitsani chiyani?" anatero madalawo, telala wa pakhonde loyandikana. "Zigoli 71 mutimu ya dziko lino! Mpaka lero palibe wafikapo. Nthawi imeneyo Maule akutchedwa Bata Bullets. Mu 1978 tinaswa Zambia 3-2 kuno kwathu n'kutenga chikho cha East and Central Africa. Chaka chotsatira tinakachiteteza ku Kenya, eni nthaka akuonerera. Kumbuyo kuli Jack Chamangwana, kutsogolo Kinnah. Wailesi imodzi mudzi wonse, mabatire oyanika padzuwa!"

Kufika apa madala ananena zoona zokhazokha, ndipo ndikanakonda akanalekera pomwepo. Koma anakhosomola, n'kuyang'ana kudenga, n'kuwonjezera motsitsa mawu: "Ndiye mwana wa achimwene anga ameneyo."

Umu ndi momwe timakhalira m'tauni. Kumudzi sungayerekeze, chifukwa agogo ali pamkeka pomwepo ndipo amadziwa amene anabala aliyense kuyambira nthawi ya mtsamunda. Koma ku Blantyre kuno palibe amene anaona mchombo wa mnzake. Chiwongo ndiye chiphaso, ndipo a Phiri ndi a Banda ali ndi mwayi woti abale awo otchuka sangathe. Tsiku limenelo m'chipindamo munali a Phiri anayi: telala uja wa ku Dedza, mnyamata wotchaja mafoni wa ku Nkhotakota, alonda a pagolosale ochokera ku Mchinji, ndi bambo wina amene amati kwawo ndi ku Chipata masiku ena, ku Kasungu masiku ena. Anayi onsewa samwerana madzi, sapitirana kumaliro, koma pa Kinnah anapezeka kuti ndi a bere limodzi.

"Kwathu timamutchula kuti malume," anatero wotchaja mafoni.

"Tipatseni nambala yake tiwapatse moni," anatero wa Arsenal, amene anali asanaphunzirebe kanthu.

Nambala anali nayo onse. Ya telala inapita ndi simu yakale. Ya alonda ili mufoni imene inagwera m'ndowa. Wotchaja mafoni, munthu amene amakhalira kudzaza mabatire a anthu ena, anati foni yake yatha moto.

Chibale chikakhazikika, mbiri imayamba kufufuma. Alonda anati chimene anthu sadziwa n'choti munthuyu anali ndi mutu: masana akumwetsa zigoli, usiku akulemba nkhani m'nyuzipepala ndi mabuku a mbiri ya John Chilembwe. Wometa, amene anafika Fomu 4, anawakumbutsa kuti amenewo anali a D.D. Phiri, amene anatisiya mu 2019, ndipo palibe anawaonapo atavala nsapato za mpira. Alonda sanatekeseke. "Ndi zomwe ndikunenazo. Banja lathu ndi la mitu."

Bambo wa ku Chipata ndi Kasungu anati iye akukumbuka bwino kuti Kinnah atasiya mpira anapita ku Joni kukaimba gitala ndi mzungu wina wa ku America. Uyu anasakaniza ndi Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene anaimba ndi Paul Simon m'chimbale cha Graceland mu 1986. Koma tisamuseke kwambiri, pamapu sanaphonye patali. Kinnah anapitadi kummwera: anakasewera ku Manzini Wanderers ku Swaziland, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa. Gitala yekhayo ndiye wa mwini wake. Wa Arsenal ataseka, telala anamuchenjeza kuti asamale mano, chifukwa Esther Phiri, katswiri wa nkhonya wa ku Zambia uja, ndi mlongo wake.

Mkangano wa Gerald Phiri wokha unadya theka la ola. Mmodzi amati ndi wosewera pakati wa Flames. Wina amati ayi, ndi kochi. Wachitatu amalumbira kuti anamuona pakanema akuthamanga mamita 100 ku Olympics atavala zobiriwira za Zambia. Onse atatu ankanena zoona, chifukwa a Gerald Phiri alipo atatu: mwana, bambo wake, ndi wothamanga wa ku Zambia amene alibe nawo gawo. Koma pabenchi ya wometa munthu savomera kuti mnzake akulondola, ndiye anagwirizana kuti ndi munthu mmodzi waluso kwambiri.

Nthawi yonseyi wa mutu watheka uja anali chete pampando, nsalu ili m'khosi. Anali a Banda, ndipo anapirira mokwanira.

"Inu a Phiri muli ndi zigoli. Ife tili ndi nyumba ya boma," anatero akuyang'ana pagalasi. "Kamuzu zaka 30. Amayi kuyambira 2012 mpaka 2014. Rupiah ku Zambia. Inu mwalamulirapo chiyani? Komiti ya mjigo?"

"Amayiwo dzina analipeza kubanja!"

"Ndiye kuti anasankha bwino."

A Phiri anathawira ku 2010, poti kumeneko ndiye kuli linga lawo. Kinnah ali mphunzitsi anatengera Flames ku Africa Cup of Nations ku Angola, koyamba chichokereni 1984, ndipo masewero oyamba ku Luanda anathibula Algeria 3-0, timu imene inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Amene anali mu Ndirande tsiku limenelo akudziwa kuti ngakhale agalu anavala mbendera.

"Chigoli choyamba Russell Mwafulirwa, chachiwiri Elvis Kafoteka," anatero a Banda modekha. "Chachitatu ndani? Nenani mokweza."

"Davi Banda."

"Zikomo."

"Anamuika mutimu ndani?"

A Banda anasintha njira, n'kutulutsa Barbra Banda wa ku Zambia, amene ku Olympics ya ku Tokyo anamwetsa zigoli zitatu m'masewero awiri otsatizana. Anati ndi mwana wa mng'ono wawo. Wometa anafunsa ngati akukumbuka kuti limodzi la masewerowo Zambia inagonja 10-3 ndi Netherlands. A Banda anati khumi zinazo ndi za goloboyi, ndipo goloboyiyo sali naye pachibale. Wa Arsenal, pofuna kubweza, anati nanga Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kuposa aliyense muligi ya amayi ya ku America, Barbra yemweyo ali momwemo? Panalibe Chawinga m'chipindamo, ndipo ndinaganiza kuti mwana ameneyu apulumuka. Telala anakhosomolanso. "Ameneyo ndi wa kuchikazi."

Chimene a Phiri a pabenchi satchula ndi momwe sabata ya ku Angola ija inathera. Lolemba, titaswa Algeria, Kinnah anali achimwene. Lachinayi, Angola itatimenya 2-0, anali a Phiri anzathu. Lolemba linalo, Mali itatipatsa 3-1 n'kutikweza ndege, anali kochi uja. Pomwe ankachotsedwa ntchito kumayambiriro a 2013, abale ake onse a ku Ndirande anali atazindikira kuti Phiri wake ndi wa mtundu wina, si wa kwawo. Chibale chinabwereranso zaka zitapita, Flames itazunza mitima mokwanira kuti anthu ayambe kumusowa. Ine ndimati bola kochi amachotsedwa ndi kalata. M'bale wa m'tauni amachotsedwa popanda kumuuza kuti analembedwapo.

Dzuwa litapendeka panafika mayi wina atasenza beseni, kope la ngongole lili m'manja. Anagwada pang'ono pakhomo monga mwa ulemu.

"Pepani abambo, a Phiri alipo muno? Mandasi a mwezi watha aja."

Telala anayamba kufufuza singano m'thumba la malaya. Alonda anagona tulo tadzidzidzi, tomwe amagona ali pantchito. Wotchaja mafoni anaika foni yakutha moto ija kukhutu n'kuyamba kuyankha. Bambo wa ku Chipata anasanduka wa ku Kasungu.

"Phiri wake uti, mayi?" anafunsa telala mokoma mtima. "Mudziwe kuti a Phiri tilipo ambiri. Ena sitidziwana n'komwe."

Mayiyo anatembenuzira kope kwa onse. Munalembedwa Phiri wamtali, Phiri wa njinga, Phiri wa mpira, Phiri wina. A Banda anaseka mpaka nsalu inagwa m'khosi, kufikira mayiyo atatsegula tsamba lachiwiri, lomwe linali la a Banda lokhalokha.

Choncho inu a Phiri amene mukuwerenga nkhaniyi, kulikonse kumene muli, ngati zigoli 71 zija mumaziwerengera pabanja panu, dziwani kuti ku Ndirande kuli kope la mandasi lomwe likudikira wapabanja. Mayiyo amafika Loweruka lililonse, ndipo amalandira ngakhale pang'onopang'ono.