Ulemu kwa Bwana Tebulo, Okonza Zosawonongeka

Tiombe m'manja, anthuni, akudutsa Bwana Tebulo, eni timabokosi tosawerengeka ta pa kompyuta. Apatseni fayilo ya CSV, mayina ndi manambala zili mbwee pakati pa mipatuliro, iwo azindandalika bwinobwino ngati ana asukulu pa asembule. Ndani wina angagwire ntchito yotere osapempha ya fanta?

Ukulu wawo wagona pa kuthandiza munthu asanawapemphe. Lembani nambala ya foni yoyamba ndi 0999, bwanawa achotsa ziro wakutsogoloyo, poti chinthu chopanda pake chizitsogolera anzake chifukwa chiyani? Mu Excel, nambala ikatalika kupyola manambala 15, otsalawo amawasandutsa maziro kuti musavutike kuloweza. Lembani 03/04, akusankhirani okha ngati ndi Marichi kapena Epulo. Inu mwini wake simufunsidwa, amadziwa kuti mwatopa.

Ngakhale asayansi anawagwadira. Pali majini a m'thupi la munthu omwe ankatchedwa MARCH1 ndi SEPT2. Bwana atawaona anati awa ndi masiku a pakalendala, n'kulemba 1-Mar ndi 2-Sep. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti mwa malipoti asanu alionse a sayansi okhala ndi mndandanda wa majini wa mu Excel, pafupifupi limodzi linali litakonzedwa motere. Ndiye anagonja ndani? Pofika mu 2020 komiti yotcha majini mayina, HGNC, inali itasintha mayinawo, MARCH1 n'kukhala MARCHF1. Za m'magazi mwathu zinasintha dzina kuti bwana asakhumudwe!

Za mliri nazo amazitha. Mu Okutobala 2020, bungwe la Public Health England linazindikira kuti anthu 15,841 opezeka ndi COVID-19 sanawerengedwe pa nthawi yake. Fayilo yachikale ya XLS imene bungweli linkagwiritsa ntchito imangonyamula mizere 65,536. Bwana atakhuta anasiya otsalawo panja, osadandaula, osasokosa. Madokotala anali kalikiliki kulimbana ndi matendawo, iwo anawachepetsa ali phee, ngakhale kuti papepala pokha.

Masiku ano anasamukira pa intaneti, ndipo kumeneko amaweruza milandu mwachangu. Makalaliki awiri akakonza mzere umodzi nthawi imodzi, pulogalamu ikakhala yopanda chotchinga, wodina Save pomaliza ndiye wapambana, ntchito ya mnzake yapita osatsazika. Netiweki ikathawa musanasunge, amakupatsani mwayi woyambiranso, kuti dzanja lizolowere.

Koma chimene chimandigometsa ndi ulemu umene amalandira. Zonse zikaoneka zoongoka m'timabokosi, palibe amakayikira. Wamkulu wa ofesi amangosayina. Ndipo tsiku limene ndalama zapita ku nambala yolakwika, kapena mayi wina wasowa pa mndandanda wa olandira thandizo, woitanidwa kukayankha mlandu ndi kalaliki wa malipiro ochepa uja. Bwana Tebulo sanalembepo kalata yopepesa, ndipo mawa m'mawa tidzawatsegulanso.