Pusi wavala kabudula wa basketball

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makolo ankanena za pusi wa mumtengo, koma ine ndamuona pa kanema akusewerera timu ya koleji ku America. Mpira ukangomufika m'manja, paliponse pamamukomera. Pakati pa bwalo, pakoma. Adani awiri amuzinga, pakomanso. Amaponya atapendekeka, mpira n'kumenya chitsulo, iye n'kugwadi chagada, maso ali kwa oyimbira kuti mwina amumvere chisoni. Mnzake amene anali yekhayekha pansi pa golo watsala akukupiza manja ngati woimitsa minibasi yodzaza kale.

Mango amene anamukopa ndi mzere wa mapointi atatu, umene bungwe la NCAA linauika m'masewera a amuna m'makoleji onse mu 1986. Lero uli pa mamita 6.75. Masamu ake savuta: pa mipira 6, woponyera kutali akalowetsa 2, wafanana ndi wapafupi amene walowetsa 3. Pusi anangomva zoti atatu aposa awiri. Pamene ankaphunzitsa za kulowetsako n'kuti atapita kukamwa madzi.

Mukamudzudzula amakutchulirani Caitlin Clark wa ku Iowa, amene mu February 2024 anaposa Kelsey Plum, mwini mbiri ya mapointi ochuluka, poponyera chapafupi ndi pakati pa bwalo. Zoonadi. Komatu nthambi imene imanyamula Clark si yoti aliyense n'kuyilendewera.

Sindikuti azingougwira mpira ngati mbale ya apongozi ayi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ya kumeneko imangopatsidwa masekondi 30. Ikapanda kutulutsa maso, mpira wapita kwa adani.

Ine amene amandisangalatsa ndi Stephen Curry wa mu 2008, akadali ku Davidson. Timu yake ikutsalira 59-57 kwa Kansas, nthawi ikutha, dziko lonse likudikira kuti aponye. Atamutchinga anthu awiri, anapatsira Jason Richards. Richards anaphonya, Davidson inatuluka, Kansas n'kukatenga chikho. Ena mpaka pano amati akanangoponya yekha. Ine ndimati anaona bwino: mpira wophonya si wonse umene unali wolakwika, monganso wa pusi ukalowa mwangozi sasanduka wanzeru.

Ndiyetu a pusi, ngati Curry weniweniyo anapatsira mnzake, inuyo ndinu yani?