Mame a ku Britain Amalipira Inshuwalansi

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankatanthauza kuti mlendo umuphere nkhuku, umuyalire mphasa yatsopano, usamuwerengere mitanda ya nsima, poti mawa lomweli apita. Makampani a inshuwalansi ku Britain akuoneka kuti mwambiwu anaumva, koma anaumvera khutu linalo. Iwo akuti ngati munthuyu sachedwa kupita, ndalama zake tizilandiriretu lero.

Mmalawi amene wapita kumeneko kukasamalira okalamba m'makomo mwawo sachedwa kuona kuti basi siingamufikitse kwa agogo asanu m'mawa umodzi. Galimoto yakale imapezeka motchipa, chiwongolero kumanja, msewu kumanzere, zonse ngati kwathu. Kulembetsa nako nkosavuta. Wogulitsa amadziwitsa a DVLA, olembetsa magalimoto a ku Swansea, pa intaneti, nkukupatsa kachipepala kobiriwira, kenako chikalata cha V5C chimabwera pa positi, bola ukhale ndi adiresi, ngakhale ili ya msuweni amene ukugona pa sofa yake. Msonkho wa pamsewu umalipira wekha tsiku lomwelo, chifukwa kuyambira 2014 wa mwini wakale sutsagana ndi galimoto. Ngati galimotoyo yapitirira zaka 3 imafunanso MOT, mnzake wa COF.

Mpaka apa mlendo akumwetulira. Kenako amatsegula fomu ya inshuwalansi.

Mafunso ake ngakhale ankhoswe safunsa choncho. Mumagwira ntchito yanji? Galimoto izigona kuti usiku, m'galaja kapena pamsewu? Muziyendera kuntchito kumodzi kapena khomo ndi khomo? Ndiye pamabwera funso lenileni: m'dziko muno mwakhalamo kuyambira liti? Ukalemba kuti miyezi iwiri, mtengo umene umatuluka ukhoza kuposa wa galimoto yomwe. Umayamba wapukuta foni, mwina ndi fumbi lawonjezera ziro. Zaka zonse zimene unayenda pa M1 kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ukuzemba mbuzi, akabaza ndi maenje osagunda kanthu, makampani ambiri saziwerengera. Kwa iwo unabadwa tsiku limene unatsika ndege ku Heathrow. Ine ndimati munthu amene wadutsapo pa Lizulu tsiku la msika, galimoto nkutuluka yosakalika, amayenera kuchotseredwa theka, koma fomuyo ilibe mpata wolembapo zimenezo.

Chopweteka china nchakuti inshuwalansi yakumeneko imatchula dzina la woyendetsa. Mawu aja akuti “Achimwene, tandibwerekani galimoto ndingofika apa” amathera pabwalo la ndege. Akakupeza ukuyendetsa popanda inshuwalansi ndi mapaundi 300 ndi mapointi 6 pa laisensi, ndipo galimoto akhoza kuilanda. Amene amakuona poyamba ndi kamera yowerenga nambala, ndipo kamera simungapite nayo pambali kuti bwana tikambirane. Ilibe mlamu, siipita kumaliro. Ukati basi ndagonja, galimoto ingokhala panja, lamulo la 2011 likuti ngakhale yoima ikhale ndi inshuwalansi, pokhapokha uichotse pamsewu wa boma nkulengeza SORN, kutanthauza kuti siyendanso pamsewu.

Pali mbali ina imene makolo sanaione, chifukwa iwo ankanena za mame a kwathu, kumene dzuwa likangotuluka udzu wauma. Ku Manchester dzuwa limachita manyazi, choncho mame amakhalitsa. Amene anati chaka chimodzi chokha, ndikapeze ya malata, amapezeka akuwonjezera viza. Pamenepo laisensi ya ku Malawi yatha mphamvu, poti amailola miyezi 12 yokha. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa yawo nkulandira ya ku Britain. A ku Malawi ndi ku Zambia ayi, ayambirenso: laisensi ya ophunzira, mayeso a pakompyuta, kenako a pamsewu.

Ndiye Lamlungu m'mawa muwaone bambo a imvi, amene kwawo ankayendetsa lole ya fodya kupita ku Kanengo, akumata chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo kwa kagalimoto kawo. Lamulo likuti pambali pawo pakhale munthu wopitirira zaka 21 amene wakhala ndi laisensi zaka 3. M'banja monse woyenera ndi mwana wa mlongo wawo, wobadwira komweko, amene Chichewa chake chimathera pa moni. Mtsikanayo amanga lamba, ayang'ana uku ndi uku, nkunena mwaulemu wonse kuti, “Malume, simunayang'ane pagalasi. Tiyambirenso.”