Wapachala Ngwamphepo

Akuluakulu okonda fodya wa mphuno anatisiyira mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ankanena zimene ankaona ndi maso. Munthu wapera fodya wake bwinobwino, watapa pang'ono, watsala pang'ono kumufikitsa, kamphepo ka mu Juni kotsika m'phiri la Nkhoma n'kudutsa, chala n'kutsala mbee. Sankadziwa kuti zidzukulu zawo za ku Nathenje ndi ku Mitundu zidzaswera kugogoda mabatani ndi zala zomwezo, n'kumaponya zogogodazo pamphepo yeniyeni, ya Airtel kapena ya TNM, kuti zikatere pa kompyuta ili ku Lilongwe.

Masiku ano kompyuta ya mu ofesi ikadwala, katswiri sakweranso minibasi kudzatsikira pa Kamphata n'kuyamba kunenerera mtengo kwa wakabaza. Amaimba foni: "Achimwene, tsegulani AnyDesk, mundiwerengere manambala ali pamwambawo." Posakhalitsa kamuvi ka mausi kayamba kuyenda kokha pa sikirini, mafayilo akutseguka popanda wowakhudza, ndipo mayi amene wabwera kudzafunsa za ngongole ya feteleza wasendeza mpando wake kufupi ndi khomo. Nthawi zina zimatembenuka: kalaliki wa kuno ku Nkhoma ndiye amalowa pa Remote Desktop mu kompyuta yaikulu ya kulikulu kuti alembe malipoti. Uku kapena uku, zala zili kwina, zilembo zikubadwira kwina, ndipo pakati pali mphepo.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti batani la kiyibodi silitumiza chilembo chimene chalembedwa pamsana pake. Limatumiza nambala ya malo amene lakhala. Kompyuta yolandira ndiyo imatsegula kaundula wake n'kuona kuti pamalo amenewo, kwawoko, pamakhala chilembo chanji. Zili ngati kutuma mwana kuti "kapereke ku nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo," mwana n'kukatsikira m'mudzi wina. Mjigo aupeza, nyumba yachitatu aipeza, ndipo katundu apereka ndi manja awiri mwaulemu wonse, kwa eni ake olakwika.

N'chifukwa chake chizindikiro cha @ chasowetsa mtendere anthu osalakwa. Pa kiyibodi ya ku America chimakhala pa Shift ndi 2. Pa ya ku Britain, ya Windows, pamalo omwewo pali ", ndipo @ anasamukira kufupi ndi Enter. Ife tinatengera magetsi a mapulagi a mano atatu kwa Angelezi, koma malaputopu athu ndi a kaunjika, ochokera kulikonse kumene anatopa nawo. Ndiye kalaliki adina Shift ndi 2, imelo ikana, adinanso mwamphamvu ngati batani ndi logontha, ikananso.

Koma zenizeni zimachitika laputopu ikakhala yochokera ku Germany. Kumeneko Y ndi Z anasinthana malo. Kwa Mngelezi si nkhani, Z amamugwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Kwa ife amene timati zikomo, zoona, ayi, iyayi, ndi maliro enieni. Mulembe bajeti ya msonkhano wa alimi kuti pagulidwe nyama, kulikulu awerenga kuti pagulidwe nzama, ndipo a ku akaunti asangalala kuti chaka chino anthu a kumudzi aphunzira kusunga ndalama. Mulembe kalata yoyamba ndi "wokondedwa mnzanga," ifika ikuti "wokondedwa mnyanga." Kalata yotere ikagwa m'manja mwa a zanyama zakutchire, mukafotokoza bwino kumene mwasunga njovuyo.

Palinso kampatuko kena kotchedwa United States-International, kamene kamabisala m'makompyuta ambiri mwini wake osadziwa. Pamenepo kachizindikiro kathu ka m'mwamba kaja, ka mu ng'ombe, sikatuluka msanga. Kamadikira chilembo chotsatira, ndipo chikakhala a, e, i, o kapena u, kamachikwera pamutu. Pang'ono asanduka pangóno, ng'oma isanduka ngóma, Chichewa chonse n'kumaoneka ngati chabwera ndi malonda kuchokera ku Tete. Mankhwala ake ndi kudina batani lalitali la mpata mukangodina kachizindikiroko, kapena kuchotseratu kampatukoko. Izi zimandiwawa pang'ono ndikaganiza kuti Nkhoma si malo achilendo ku zilembo. Mishoni inakhazikika pano mu 1896, William Murray ndi anzake anatha zaka akulimbana ndi mawu a Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya pano yaphunzitsa mibadwo kuwerenga. Lero chinenero chomwecho chikupempha malo ogona pa kiyibodi ya eni ake. Chilembo cha ŵ, cha m'dzina la Malaŵi, chilibe batani lakelake pa makiyibodi amene timagula. Mu Word mumalemba 0175 n'kudina Alt ndi X. Apo ayi musankhe kiyibodi ya United Kingdom Extended, imene ili nacho chifukwa anthu a ku Wales nawonso amachilemba. Achibale amapezeka kutali.

Za Mac ndi Linux ndingodutsamo, poti kuno n'za alendo ndi ana a ku Bunda. Wa Mac anazolowera batani la Command, koma likawoloka kupita pa Windows limakonda kusanduka batani la Windows, ndiye munthu akufuna ntchito ina, Start n'kumutsegukira kumaso. Wa Linux wogwiritsa ntchito Remmina apeza kuti Ctrl wa kumanja wagwidwa ukapolo ndi pulogalamuyo. Mapulogalamu ambiri otere ali ndi posankha: kutumiza malo a batani, kapena kutumiza chilembo chenichenicho. Zilembo zikamasokonekera, sinthani pamenepo musanayambe kunyoza sitolo imene munagula kiyibodi.

Mphepo yokha nayo ili ndi mbali yake. Kudina batani kamodzi ndi mauthenga awiri: wina woti "ladinidwa," wina woti "lasiyidwa." Netiweki ikatsokomola pakati pa awiriwa, woyamba afika, wachiwiri atsalira penapake m'minda ya fodya ya ku Nathenje. Kompyuta ya kutali, yomvera ngati mkamwini watsopano, ipitiriza kudina. Likakhala batani la a, mupeza mzere wa aaaaaaa ngati munthu wagwa m'chitsime. Likakhala la 0, mlimi amene anatenga ngongole ya K50,000 apezeka ali ndi ngongole yoti boma lenilenilo likapemphe thandizo kunja. Likakhala Shift, Ctrl kapena Alt, palibe chooneka, kungoti kiyibodi yonse ipenga: mudina chilembo, windo litsekeka. Pamenepo dinani Shift, Ctrl, Alt ndi batani la Windows kamodzikamodzi, a kumanzere ndi a kumanja omwe, kuti uko adziwe kuti munasiya kalekale. Musachite kumenya Shift kasanu motsatizana chifukwa cha mkwiyo, poti Windows imamva ngati mwapempha Sticky Keys, ndipo mwawonjezera mlandu wina pa wakale.

Ndiye pali pasiwedi, pamene mwambi uja umaluma kwambiri, chifukwa apa ngakhale mphuno simuiona. Chilichonse chimene mwalemba chimaoneka ngati timadontho takuda. Caps Lock akhoza kukhala woyaka uko, wozima kuno. Pa malaputopu ena Num Lock akayaka, J, K ndi L amasanduka 1, 2 ndi 3. Inu mukulemba dzina la mwana wanu woyamba molondola, makina akukana, mpaka akutsekerani kunja.

"Amayi, mwaiwala pasiwedi," atero katswiri ali ku Lilongwe.

"Bambo, mwana ndinabereka ndekha, dzina ndingaiwale?"

Amayiwo sakunama, ndipo ine ndili kumbali yawo. Chizolowezi cha akatswiri choyamba kukayikira munthu wa kumudzi asanakayikire makina n'chaulesi. Kuyesa kwake n'kosavuta: lembani zilembo zovutazo pamalo oonekera, monga mu Notepad kapena m'bokosi la dzina, muone chimene chikutuluka, kenako mufufute. Yang'anani pansi kumanja, pafupi ndi wotchi, ngati palembedwa ENG US kapena ENG UK, pa makompyuta onse awiri. Batani la Windows ndi la mpata zimasintha zimenezi, ndipo Alt ndi Shift zimasinthanso, nthawi zambiri mwangozi, chigongono chikatsamira. Zikakanikabe, tulukani ndi Sign out, osangotseka ndi X, chifukwa X amasiya zonse zili momwemo kukudikirani, zolakwika zomwe.

Akatswiri nawo mphepo siwaopa. Pa Remote Desktop, Ctrl, Alt ndi Delete sizipita kutali, zimagwira kompyuta imene ili pamaso pako. Yakutali imafuna Ctrl, Alt ndi End. Katswiri akaiwala, sikirini yake yomwe imasanduka yabuluu, ya ku Nkhoma ili phee osasuntha, ndipo pafoni pamakhala kachetechete wa masekondi angapo. Kenako mumva akukonza kukhosi: "Achimwene, netiweki yanu kumeneko ikuvuta kwambiri."